Tsitsi loyeretsedwa silifuna phuma

Akonzi,

Ndiloleni malo pa tsamba lanu lino kuti ndilankhule ndi makolo anzanga, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo pa nkhani ya tsitsi la ana athu. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala kuno ku chigwa cha Domasi m'boma la Zomba.

Masiku ano nyengo ya Khrisimasi ikakwana, ukayenda pa msika wa Songani kapena pa Malosa umakumana ndi anyamata, ngakhalenso atsikana ena, mitu ili mbuu ngati udzu wa mu Okutobala. Iwowa amakhala atapaka mankhwala oyeretsa tsitsi, amene eni akewo amati bulitchi, potengera osewera mpira ndi oyimba amene amawaona pa kanema. Za kukongola kapena kunyansa kwake sindilowako lero. Changa ndi chimene chimachitika mu Januwale sukulu zikatsegulidwa ndiponso makwaya akayambanso kukumana. Mwana uja amauzidwa kuti, "Mawa ubwere tsitsi lili lakuda, apo ayi usabwerenso." Mau amenewa ndikupempha kuti tileke kuwalankhula, chifukwa amakankhira mwana ku dayi wakuda wogula mwaphuma, ndipo kumeneko ndi kumene kuli ngozi.

Poyamba tidziwe chimene bulitchi amachita. Tsitsi lathu limada chifukwa cha utoto wachilengedwe wotchedwa melanin, womwewo umene umadetsa khungu. Utoto umenewu umalowa m'tsitsi pamene likumera pansi pa khungu. Mu bulitchi muli mankhwala otchedwa hydrogen peroxide amene amatsegula kunja kwa tsitsi ndi kuononga utoto uja. Choncho chikasu chimene tikuona m'mutu mwa mwana si penti woti achoke ndi sopo. Ngakhale mwanayo atasamba kakhumi mu mtsinje wa Domasi, tsitsi limene layera layera basi, pakuti tsitsi likatuluka pa khungu silidzikonzanso lokha. Koma kutsinde kumakhala kuli moyo, ndipo tsitsi latsopano limamera lakuda monga mwa kale. Limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kwa ena mocheperako.

Tikawerengera pamenepa njira ioneka yokha. Mnyamata amene adayeretsa tsitsi sabata ya Khrisimasi, pofika pakati pa Januwale amakhala ali ndi kachitsitsi kakuda kutsinde. Akapita kometa n'kulichepetsa kwambiri, kapena kumeta mpala, chikasu chonse chimatsala pansi tsiku lomwelo, ndipo pakatha masabata owerengeka mutu wabwerera mwakale. Chofunika n'chakuti lumo likhale latsopano, osabwerekana, ndipo ngati m'mutu muli zilonda za bulitchi ziyambe zapola.

Kwa mtsikana wamkulu kapena mayi wa tsitsi lalitali nkhani ndi yotalikirapo. Tsitsi la masentimita 10 lifuna pafupifupi chaka kuti lonse likhale latsopano. Iyeyo azidula kunsonga pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, azipaka mafuta monga a nsatsi, aziluka mosakoka kwambiri, ndipo pa maliro kapena ku tchalitchi duku lilipo. Asayerekeze kupaka mankhwala owongola tsitsi pamwamba pa tsitsi loyeretsedwa, chifukwa lafooka kale ndipo limangothothoka n'kutsalira m'chipeso. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono nanga dayi wakuda vuto lake n'chiyani? Mavuto ndi awiri. Loyamba, tsitsi loyeretsedwa lili ngati nkhokwe yobooka: limamwa dayi msanga komanso limamutaya msanga. Pakutinso utoto wofiirira umene umakhala pansi pa kuda kwachilengedwe udachoka, nthawi zina dayi akayamba kusuluka tsitsi limaoneka lotuwa kapena lobiriwira. Ndi chifukwa chake odziwa ntchito ya m'saluni amayamba apaka utoto wofiirira asanaike wakuda. Mwana wopaka yekha kuseri kwa bafa sadziwa zimenezi, ndiye pakatha masabata angapo abwerezanso, tsitsi n'kumapsererapsererabe.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu. Dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala otchedwa PPD, amene matupi a anthu ena sagwirizana nawo. Munthu wotere amayabwa m'mutu, amatuluka matuza, zikope ndi nkhope zimatupa, ndipo ena amafika pobanika. Thupi likangodana nawo kamodzi limadana nawo moyo wonse. N'chifukwa chake pa mabokosi a dayi amalembapo kuti munthu ayambe wayesa kadontho kuseri kwa khutu kapena pa mkono n'kudikira maola 48, ndipo ambiri amalembanso kuti dayiyo si wa ana osakwana zaka 16. Tsono ife tikamuuza mwana wa Sitandade 7 kuti mawa m'mawa tsitsi likhale lakuda, maola 48 awo awatenga kuti? Bokosilo lili ndi chithunzi chokongola, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Enanso posowa ndalama amapaka polishi wa nsapato, chinthu chimene sichidapangidwire khungu la munthu. Mwana akatupa nkhope kapena kubanika atapaka dayi, musataye nthawi, thamangirani naye ku chipatala cha Domasi, ku St Luke's ku Malosa kapena ku chipatala chachikulu cha Zomba, ndipo bokosi la dayiyo mulitenge kuti adokotala akalione. Chenjezo lomweli likukhudzanso ife a imvi, pakuti dayi amene ena a ife timabisira ukalamba ndi yemweyo.

Pempho langa kwa aphunzitsi akuluakulu anzanga amene mukadali pa ntchito ndi ili: lamulo la sukulu lisungeni, koma itanani kholo, gwirizanani kuti mwana akamete, mpatseni sabata, ndipo pakadali pano akhale m'kalasi. Mwana amene wabwezedwa pa chipata sapita kukameta nthawi yomweyo ayi, amakakhala pa msika, ndipo ena sabwereranso. Kumeta mwana mokakamiza pamaso pa anzake, kusiya misewu m'mutu, nakonso sikuphunzitsa kanthu koma kumam'dzaza mkwiyo. Achikulire tikukumbukira nthawi ya chipani chimodzi pamene amuna ankaletsedwa kusunga tsitsi lalitali. Nyengo imeneyo idapita dziko litasankha zipani zambiri mu 1993. Ndiponso mu Meyi 2023 khothi lalikulu ku Zomba konkuno, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, lidalamula kuti ana achipembedzo cha Chirasta azilandiridwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopotana. Mlandu umenewo udali wa chipembedzo, sudali wa bulitchi, komabe ukutikumbutsa kuti maphunziro a mwana ndi olemera kuposa maonekedwe a mutu wake.

Kwa inu abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi amayi a Mvano, mau anu amamveka kumene athu safika. Wachinyamata wa kwaya akabwera mutu uli mbuu, mtengereni pambali mumlangize, ndipo mumuuze kuti lumo ndi kudikira n'zokwanira. Kumutchula pa guwa kumangomuthamangitsa, ndipo mawa lake timadandaula kuti achinyamata athawa mpingo.

Ndisanamalize ndikumbutse kuti si tsitsi lonse lofiirira kapena lachikasu limene labwera ndi bulitchi. Mwana wamng'ono tsitsi lake likayamba kufiira, kupyapyala ndi kuthothoka, makamaka mapazi ndi masaya zikamatupa, chimenecho ndi chizindikiro cha kuperewera kwa zakudya m'thupi, matenda amene achipatala amati kwashiorkor. Amachuluka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale yomweyi. M'malo molozana zala kuti ndi tsempho, mwanayo apite ku sikelo msanga, akaonane ndi alangizi a zaumoyo, akalandire chiponde kapena Likuni phala malinga ndi mmene amupezera. Akachira tsitsi lake limameranso lakuda kuchokera kutsinde. Aliponso ana athu achialubino amene tsitsi lawo ndi loyera chibadwire. Lawolo ndi lachilengedwe monga lathu lakudali, ndipo pasapezeke mphunzitsi, kholo kapena mnzawo wowauza kuti alidaye. Chimene akusowa iwo ndi chipewa, mafuta oteteza ku dzuwa, mpando wa kutsogolo m'kalasi ndi chitetezo chathu.

Choncho makolo anzanga, tikaona mutu wa mwana wasintha mtundu tiyambe tafunsa chifukwa chake. Ngati ndi njala, ku chipatala. Ngati ndi chibadwa, timusiye. Ngati ndi bulitchi, lumo latsopano ndi masabata owerengeka zikwanira, dayi wa phuma ayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye amene mwawerenga kalatayi muuzekoni amene alibe nyuzi.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Domasi, Zomba.