Mphamvu ya pansi pa mchombo

Sabata lina masana, titamaliza phunziro la zaumoyo, mayi wina anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Maso ake ankaoneka kuti sanagone bwino. Mwana wake wa zaka 15 wayamba kupita ku bwalo la mpira madzulo kukaphunzira karate kwa mnyamata wina amene wabwerako ku Johannesburg. Chimene chinamuopsa kwambiri mayiyu si zibakera ayi. Tsiku lina anamupeza mwanayo ataima kuseri kwa nkhokwe, maso ali chitsinzinire, manja ali pamimba, akupuma pang'onopang'ono. Atamufunsa, mwanayo anati akusonkhanitsa "chi", mphamvu imene imakhala pansi pa mchombo.

"Amayi a zaumoyo, ndiuzeni zoona," anatero. "Mwana wangayu sakuitana ziwanda?"

Ndinalephera kumuyankha pomwepo. Safunsa anadya phula, choncho Lachiwiri lotsatira ndinamanga chitenje changa n'kupita kubwaloko.

Ndinapeza anyamata oposa khumi ndi atsikana awiri, onse opanda nsapato, atafola pafumbi. Mphunzitsi wawo ndi wochepa thupi, waulemu wake ndithu. Nditamuuza chimene ndabwerera, anaseka. Anaima phazi lina kutsogolo, lina kumbuyo, mawondo atapinda pang'ono, n'kunena kuti, "Amayi, tandikankhani pachifuwapa ndi mphamvu zanu zonse." Ine ndine mayi wolima, thumba la mtedza ndimalikweza ndekha pangolo. Ndinakankha mpaka kutuluka thukuta, koma munthu anangoti nji ngati chitsa cha mtondo. Ana aja anaomba m'manja. "Imeneyo ndiye chi," anatero.

Ndikupuma, ndinayang'ana mapazi ake. Ndinazungulira n'kuima chambali, pamene panalibe mwendo womuchirikiza, n'kumukankha paphewa ndi dzanja limodzi. Anadzandira mpaka kusuntha phazi. Ulendo uno ana anaseka mpaka ena kukhala pansi, ndipo iyenso anaseka nawo.

Sindinachite zimenezi kuti ndimuchititse manyazi. Mnyamatayu ali ndi luso lenileni. Kungoti lusolo si la mizimu. Pamene ndinkamukankha kutsogolo, mphamvu yanga inkadutsa pachifuwa chake, kutsika ndi msana wowongoka, kufika m'chiuno, kenako kulowa pansi kudzera m'mwendo wakumbuyo. Ndinkakankha dziko lapansi. N'chimodzimodzi ndi mtengo umene timachirikizira nthochi yobereka: umagwira mbali imene tauika, koma mphepo ikachokera kwina nthochi imagwa.

Masewerawa anachokera kutali. Karate inayambira pa chilumba cha Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi anakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Tai chi, imene amachita modekha ngati munthu akuyenda m'madzi, akatswiri ambiri a mbiri amati inayambira m'mudzi wa banja la Chen m'chigawo cha Henan ku China m'zaka za m'ma 1600. Aphunzitsi akale a kumeneko analibe makina oonera m'kati mwa thupi. Ankangoona kuti munthu wopuma bwino, womasuka mapewa, woyendetsa thupi lonse kuchokera m'chiuno, amagwetsa mnzake wa minofu ikuluikulu. Anafotokoza zimenezi ndi mawu amene anali nawo. Mawu oti chi, amene a ku Japan amati ki, amatanthauzanso mpweya. Malo a pansi pa mchombo aja anawatcha dantian, ndipo anati ndiwo nkhokwe ya mphamvuyo.

Madokotala akang'amba pamenepo sapezapo nkhokwe iliyonse. Amapeza matumbo ndi chikhodzodzo. Komabe aphunzitsi aja sanaloze pachabe. Munthu akaima chilili, pakati penipeni pa kulemera kwa thupi lake pamakhala cha pomwepo, m'kati mwa chiuno. Minofu yaikulu kwambiri, ya m'matako ndi ya m'ntchafu, imagwira pa mafupa a m'chiuno omwewo. Ndiye chibakera champhamvu sichiyambira m'dzanja. Phazi limaponda pansi, mwendo umakankha, chiuno chimatembenuka, msana umapereka kuphewa, ndipo dzanja limangofikitsa katundu. Bruce Lee, amene tinkamuonera m'nyumba za kanema tili ana, anaonetsa zimenezi ku Long Beach mu 1964, pamene anakankhira munthu pampando ndi chibakera chochokera pafupi kwambiri ndi chifuwa. Anthu ankayang'ana dzanja, pamene ntchito inali kumiyendo.

Tsono apa ndi pamene ndinadzifunsa: kodi ife zimenezi sitizidziwa? Taonani mayi wodziwa kusinja. Sakweza musi ndi mikono yokha. Amapinda mawondo pang'ono, thupi lonse limakwera ndi musiwo, kenako amaulekerera kuti ugwe ndi kulemera kwake, iye n'kutulutsa mpweya kuti "hi!" Amasinja mtondo wonse akucheza. Mtsikana wophunzira kumene amaumitsa mapewa, amamenya ndi mikono, ndipo posakhalitsa wayamba kudandaula. Taonaninso madoda a Chingoni a kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni akamavina ingoma, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Mwendo umodzi uli m'mwamba, munthu yense waima pa mwendo winawo osagwedezeka, kenako phazi limatsika mpaka nthaka kunjenjemera. Ambiri a iwo ndi a imvi. Ku Nc'wala ku Mtenguleni sindinafikeko, poti tsiku lake lalikulu limagwa pa Sabata, koma pa misonkhano ya kuno ndawaona kambirimbiri. Mphunzitsi wa karate atawaona akanati ali ndi chi yambiri. Agogo athu akanangoti munthuyo ali ndi chiuno cholimba.

Za kupuma nazo zili ndi maziko ake. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wotambalala wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Ukatsika, mapapo amadzaza mpaka pansi ndipo mimba imatukuka. Yang'anani khanda likagona, mudzaona kuti limapuma choncho. Akulufe, chifukwa cha nkhawa, kukhala chowerama ndi kumanga zitenje ndi malamba mothina, timapumira pamwamba pachifuwa pokha. Kupuma mozama n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono kumachepetsa kugunda kwa mtima. Ndipo minofu ya pamimba ikakungika pamene tikutulutsa mpweya, imagwira msana ngati lamba. N'chifukwa chake a karate amakuwa akamamenya, ndipo n'chifukwa chake mayi wosinja uja amati "hi". Ellen White analemba zambiri za kuima mowongoka, kupuma mozama ndi kuipa kwa zovala zothina, ndipo m'buku la The Ministry of Healing la mu 1905 anaika mpweya wabwino ndi kulimbitsa thupi m'gulu la mankhwala enieni. Mwana uja kuseri kwa nkhokwe ankachita zimene ndakhala ndikupempha amayi a Dorika kuti azichita.

Koma ndisanachoke pabwalo paja ndinaona chinthu chimene chinandiimitsa mtima. Anyamata anaima awiriawiri n'kumamenyana zibakera pamimba mosinthana. Ati wodzaza chi savulala.

Abale, kuno ndi ku Mchinji, kwa malungo ndi likodzo. Matenda awiriwa amatupitsa kapamba, chiwalo chodzaza magazi chimene chili pansi pa nthiti za kumanzere. Kapamba wabwinobwino amabisala kuseri kwa nthiti. Wotupa amatsikira m'munsi pamene palibe fupa lomuteteza, ndipo amang'ambika msanga. Ana ambiri akuyenda naye wotupa osadziwa. Chibakera chimodzi chikhoza kumuphulitsa, mwana n'kumakha magazi m'kati popanda bala looneka kunja. Nthawi zina zizindikiro zimabwera patapita maola kapena masiku: kupweteka kumanzere kwa mimba kapena paphewa la kumanzere, chizungulire, m'maso ndi m'zikhatho kuyera, mtima kuthamanga. Mukaona zimenezi mwa mwana amene wamenyedwa kapena kugwa, musadikire kuti kuche, musamusisite, musamupatse chakudya. Thamangani naye kuchipatala.

Chikhulupiriro choti mphamvu yobisika imateteza thupi chapha anthu ambiri. Mu 1900 ku China, gulu limene azungu analitcha Boxers linkakhulupirira kuti masewera ndi miyambo yawo zipangitsa zipolopolo kulephera kuwalowa. Anafa miyandamiyanda. Mu 2017 ku Chengdu, Wei Lei, amene ankadzitcha katswiri wa tai chi wa mphamvu zodabwitsa, anagwetsedwa ndi Xu Xiaodong pasanathe theka la mineti, dziko lonse likuonera pa intaneti. Kwathu kuno timadziwanso za otemera mphini ndi ovala zithumwa m'chiuno kuti chikwanje chisawalowe. Ndi bodza lomwelo, langovala malaya ena.

Nanga funso la mayi uja? Ine ndikuona kuti pali malire, ndipo si ovuta kuwaona. Kupinda mawondo, kuwongola msana, kupuma mozama ndi kuphunzira kugwa osathyoka ndi kugwiritsa ntchito thupi monga Mlengi analipangira. Koma mphunzitsi akayamba kunena kuti m'chilengedwe muli mphamvu imene uyenera kuikoka kuti ikuchiritse kapena kukuteteza, akayamba zogwadira zithunzi, zobwereza mawu achinsinsi kapena zomwera mankhwala, pamenepo walowa m'chipembedzo. M'malo ena amanena poyera. Ku Amitofo Care Centre kufupi ndi Blantyre, ana amaphunzira kung fu pamodzi ndi chiphunzitso cha Chibuda, ndipo sabisa. Kholo liyenera kufunsa kuti lidziwe chimene mwana akulowa. Mpingo wathu unakumanapo ndi maganizo otere. Mu 1903 Dr John Harvey Kellogg anatulutsa buku la The Living Temple, limene linkaphunzitsa za Mulungu ngati mphamvu yofalikira m'mitengo, m'maluwa ndi m'thupi. Ellen White anatsutsa zolimba. Mpweya wa moyo tinachita kupatsidwa ndi Mulungu amene ali ndi dzina, wakumva pemphero. Suli m'mlengalenga kuti aliyense atapeko ndi luso lake.

Palinso za mtima. Mayi White yemweyo sanakondwere ndi masewera a nkhonya, poona kuti amaphunzitsa nkhanza. Mwana akabwera ku masewera n'kuyamba kuyeserera pa azing'ono ake, kapena kufunafuna ndewu pa msika, musadikire kuti wina akuuzeni kuti zalakwika.

Chodabwitsa n'choti amene angapindule kwambiri ndi nzeru za kaimidwezi si anyamata ayi, koma agogo. Mu 1996 ofufuza a pa yunivesite ya Emory ku Atlanta anapeza kuti okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo amene anachita tai chi kwa masabata 15 anachepetsa ngozi ya kugwa mobwerezabwereza pafupifupi ndi theka. Palibe chinsinsi: miyendo inalimba, ndipo thupi linazolowera kusamutsa kulemera kuchoka pa phazi lina kupita pa linzake mosathamanga. Kumudzi kuno agogo akaterereka kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ambiri sadzukanso pamphasa.

Simufunika mphunzitsi wa ku China. Agogo aime pafupi ndi khoma, dzanja limodzi litagwira. Atalikitse mapazi pang'ono, apinde mawondo pang'ono, mutu uwongoke ngati asenza mtsuko. Asamutsire thupi lonse ku mwendo wakumanja, awerenge mpaka 5, kenako kumanzere. Akazolowera, azinyamula phazi lopepukalo pang'ono. Azidzukanso pampando n'kukhala kakhumi, akutulutsa mpweya podzuka. Asamagwire mpweya, makamaka a BP yokwera, chifukwa kukakamira utatseka mpweya kumakweza magazi mwadzidzidzi. Akamva chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, asiye.

Tsiku lomwelo ndinakhala pansi ndi mphunzitsi uja. Za kapamba sankazidziwa, ndipo nditamufotokozera anakhala chete nthawi yaitali. Anavomera kusiya zomenyana pamimba. Mayi uja anapita yekha kukaona, n'kuika malamulo ake: Lachisanu dzuwa lisanalowe mwana akhale ali pakhomo, pa Sabata kulibe masewera, ndipo za kusonkhanitsa chi azisiye, azingoti akupuma. Bambo ake a mwanayo mpaka lero sakugwirizana nazo, ati mwana wa Chiadiventi alibe chochita ndi zibakera, ndipo nkhaniyi ikukambidwabe pakhomopo.

Sabata latha ndinadutsa pakhomopo popita kukaona wodwala. Ndinapeza mnyamatayo ali pakhonde ndi agogo ake aakazi, atawagwira chigongono, akuwaphunzitsa kuima ndi mwendo umodzi. Agogowo anafika pa 4 n'kuponda pansi, n'kumuuza kuti iwo anayamba kusenza mtsuko bambo ake asanabadwe, asawavutitse.