Tisanakwere matola kukapempha mpamba ku boma



Mayi wina wa pa gombe lina anatifunsa tsiku lina titakhala pakhonde: "Kodi ndalama za boma zoyambira geni zimatengedwa pa khomo liti?" Mayiyu anali atapita ku boma katatu, ndipo ndalama yomwe inathera pa matola ikanakwana ndowa ya usipa. Amuna awo amakwera nawo bwato la eni ake, tsono nyanja ikakana, pakhomo pamagonedwa ndi njala.

Tinawayankha kuti khonsolo si banki. Ngongole zomwe timazimva pa wailesi zija zimachokera ku thumba la boma lalikulu, lomwe lakhala likusintha dzina: MARDEF mu 2005, MEDF mu 2014, NEEF mu 2020. Ambiri omwe anatenga ngongolezi sanabweze, poganiza kuti ndi mphatso yowathokoza kaamba kovota bwino, ndipo wolira anali wobwera pambuyo. Kwa ife palinso nkhani ya chiwongola dzanja. Pano sitipereka chigamulo, koma munthu asanadinde chala awerengeredwe pepala lonse ndipo akafunse kwa shehe ngati mulibe riba. Kufunsa ndalama zitadyedwa kale n'kungovutitsa shehe.

Nanga ku khonsolo kuli chiyani? Chiyambire 1998, pomwe linakhazikitsidwa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ntchito zambiri zinatsikira kwa DC. Kumeneko kuli alangizi a chitukuko cha m'midzi omwe amaphunzitsa magulu kasungidwe ka ndalama ndi kalembedwe ka m'kope. Kuli a zamalonda omwe amathandiza gulu kulembetsa ngati kopaletivi, ndipo anthu khumi ndi okwanira kuyamba. Kuli alangizi a za nsomba. Malo a mumsika ndi laisensi ya okala nazonso ndi za khonsolo. Zonsezi sizilowa m'thumba ngati ndalama, n'chifukwa chake ambiri amazipeputsa.

Titenge usipa. Woyanika pamchenga amagulitsa usipa wolumitsa mano, ndipo wogula wa ku Lilongwe kapena ku Limbe amauona ndi maso asanaulawe n'komwe. Woyanika pa thandala amatchula mtengo wina. Mvula ikayamba onse awiri amalira, chifukwa usipa wosauma tsiku limodzi umayamba fungo, mawa lake ukugulitsidwa ngati chakudya cha nkhuku. Apa m'pomwe mlangizi amafunika: kufutsa bwino, kuwamba ndi nkhuni zochepa, ndi zija nyumba za pulasitiki zoumitsira nsomba ndi dzuwa zomwe zinamangidwa m'magombe ena. Nyumba yotere munthu mmodzi sangaikwanitse, ndipo mabungwe omwe amabwera nazo amayamba afunsa kukhonsolo kuti magulu okhazikika ali kuti. Amene sali m'gulu dzina lake silimveka, ngakhale atakhala wolimbikira chotani.

Njira yake imayambira m'mudzi momwemo. Shedi ya pamsika, mjigo wa pagombe, kamlatho kofikitsa galimoto kunyanja, zonsezi zimapemphedwa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kenako ku ADC kwa mfumu yaikulu, mpaka khansala akazitule ku khonsolo. Tikudziwa kuti njirayi ndi yaitali, ndipo pena pempho limagona chaka. Komabe takhala tikuona kuti pa misonkhano imeneyi amayi a geni sapezekapo, ati atanganidwa. Zotsatira zake ena ndi omwe amasankha chomangidwa. Pa za nsomba palinso makomiti a m'magombe, omwe anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993, ndipo wogula nsomba ali ndi malo mmenemo monga mwini khoka.

Wina aliyense woyamba geni ya nsomba awerengeretu miyezi yoipa. Mu Juni ndi Julaye mwera umatsekera mabwato kumtunda. Mu Novembala makoka ena amaletsedwa kuti chambo chiswane. Wobwereketsa ndalama sadziwa mwera, tsiku lake likakwana afika basi, ndipo taonapo mbuzi ndi malata zikunyamulidwa ana akuyang'ana. Ndi bwino kukhala ndi kageni kachiwiri: mpunga kwa a ku Nkhotakota, mikeka, zitumbuwa, kaunjika.

Mpamba woyamba, ife tikuona kuti uchokere pakati pathu. Chipereganyu chilibe chiwongola dzanja. Banki m'khonde zambiri zimakhala nacho, koma gulu lingathe kugwirizana kuti m'malo mokongozana liziguliratu katundu pamodzi ndi kugawana phindu, kutaya kukabwera n'kugawananso. Kusunga ndalama m'chitini nakonso n'kutaya: mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo omwe anali ndi matumba a mpunga anagona tulo kusiyana ndi omwe anali ndi mapepala.

Abambo, mawu awiri okha. Ndalama ya geni ya mayi si ya fodya kapena yolipirira mpira pa kanema. Achibale a "ndikupatsani mawa" nawonso alembedwe m'kope ngati wina aliyense.

Tsono popita ku boma tinyamule chitupa cha unzika, kalata ya amfumu, mayina a gulu ndi kope losonyeza zomwe tagula ndi kugulitsa, ngakhale za miyezi itatu yokha. Tikadula chiphaso cha mumsika tilandire lisiti, pakuti ndi lisitilo lomwe limatipatsa pakamwa pofunsa za chimbudzi ndi zinyalala za pamsikapo.

Mayi aja anasiya maulendo a ku boma. Anasonkhanitsa anzawo khumi ndi mmodzi, amfumu anawapatsa malo omanga mathandala, ndipo mlangizi anabwera yekha pa njinga yamoto. Pomwe tinkawaona komaliza anali asanalandire ngongole iliyonse, ndipo ankakangana za amene azisunga kope.