Achinyamata a m'malire akufuna kulemba mapulogalamu a foni: ayambire pati?

ULÓNGUÈ — Nkhani yophunzira kulemba mapulogalamu a foni ndi a kompyuta, amene pa Chipwitikizi amatchedwa aplicativo, yafika tsopano m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde. Anyamata ndi atsikana amene atsiriza kalasi ya 10 kapena ya 12 n'kukhala pakhomo opanda ntchito akumapempha makolo ndalama zolipirira maphunziro kapena zogulira kompyuta. Makolo nawo akusowa woti awauze ngati n'kwanzeru kugulitsa mbuzi kapena matumba a mbatata ya kachewere chifukwa cha ntchito imene sanaionepo ndi maso.

Kuyamba kuphunzira sikufuna ndalama zambiri. Chimene chimafuna nthawi yaitali, magetsi ndi kompyuta ndi kufika poti munthu azidya za luso limeneli. Banja limene lithamangira kugula makina mwana asanaonetse kuti mutu wake ukugwira ndi limene limataya chuma.

Foni inafika, olemba ake ali kutali

Foni za m'manja zinayamba m'dziko muno mu 1997 ndi kampani ya mcel, imene tsopano ili m'kati mwa Tmcel. Vodacom inabwera mu 2003, ndipo Movitel, imene inayamba mu 2012, ndiyo inafikitsa netiweki m'midzi yambiri ya kutali ndi msewu wa phula. Pambuyo pake panabwera ndalama za pafoni: mKesh mu 2011, M-Pesa mu 2013 ndi e-Mola mu 2016.

Mlimi akaimba *150# kapena *898#, foni imamufunsa ngati akufuna kutumiza ndalama, kutapa kapena kugula magetsi a Credelec. Mafunso amenewo analembedwa ndi munthu, amene anaikanso lamulo la zoyenera kuchitika mlimiyo akasankha 1 kapena 2, ndiponso akalakwitsa nambala yachinsinsi. Kulemba pulogalamu ndi ntchito imeneyo.

Mapulogalamu ambiri amene ali m'mafoni a kuno anachokera kunja. WhatsApp ndi Facebook ndi za ku America, M-Pesa inabadwira ku Kenya mu 2007. Koma ana a dziko lino nawonso amalemba. Mu 2016 kampani ya ku Maputo yotchedwa UX Information Technologies inatulutsa Biscate, yolumikiza amisiri monga akalipentala ndi omanga nyumba kwa anthu ofuna ntchito yawo, ndipo mmisiri amatha kulembetsa ndi foni ya mabatani. Inagwira mtima anthu chifukwa inayankha vuto limene eni ake ankaliona tsiku ndi tsiku.

Zinthu zitatu zoyamba kudziwa

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene makina amatsata mmodzimmodzi, osaonjezapo nzeru zawo. Chitsanzo chili pamsika wa Biri-Biri, pomwe wamalonda amagulitsa mbatata kwa ena olipira metikali ndi ena olipira kwacha. Pulogalamu yomuthandiza iyenera kufunsa kuchuluka kwa matumba, mtengo wa thumba limodzi ndi mtengo wosinthira ndalama wa tsikulo, kenako ichulukitse n'kuonetsa zoyenera kulipira.

M'chitsanzo chimenechi muli zinthu zitatu zimene zimapezeka m'pulogalamu iliyonse. Choyamba ndi kusunga: nambala iliyonse imaikidwa m'kankhokwe kake kokhala ndi dzina, kamene aphunzitsi amakatcha variável. Chachiwiri ndi kusankha: ngati wogula walipira zonse, malonda atsekedwe, ngati walipira theka, yotsalayo ilembedwe ngati ngongole. Chachitatu ndi kubwereza: zomwezo zichitike kwa wogula aliyense mpaka msika utatha, kenako ndalama zonse ziphatikizidwe.

Anthu a m'malire amakumbukira kuti mu Meyi 2022 boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 linaitsitsanso ndi 44 peresenti. Wophunzira amene anakhomerera mtengo wosinthira m'kati mwa pulogalamu yake akanadzuka m'mawa n'kupeza kuti ikunamiza wamalonda. Amene anaulola kuti uzilembedwa tsiku ndi tsiku sakanavutika. Kuganizira zotere ndiye mtima wa ntchitoyi, ndipo munthu angathe kuziyeserera ndi kope ndi pensulo asanakhudze makina.

Njira yosafuna ndalama zambiri

Malangizo amalembedwa m'zinenero zapadera za makina, ndipo zilipo zambiri. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi ali ndi mwayi wa Portugol, chinenero chophunzitsira chimene mawu ake ndi odziwika kale: escreva, leia, se, senão, enquanto. Kwa ana aang'ono pali Scratch, imene sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America inatulutsa mu 2007. M'menemo mwana amalumikiza timabokosi ta malangizo ngati akuyala njerwa, ndipo ilipo m'Chipwitikizi. MIT yomweyo imasamala App Inventor, imene imatsata njira ya timabokosi yomweyi koma imatulutsa pulogalamu yoyenda pa foni ya Android. Zonsezi n'zaulere, ngakhale App Inventor imafuna intaneti ndipo imagwirika bwino pa kompyuta.

Chinenero chenicheni chimene aphunzitsi ambiri amayambitsira nacho ndi Python, chimene Guido van Rossum wa ku Holanda anatulutsa mu 1991. Mizere yake ndi yaifupi ndiponso yosavuta kuwerenga. Chofunika kwa mwana wa kumudzi n'chakuti Python imatheka pa foni yomwe: pulogalamu ya Pydroid 3 ikaikidwa m'foni ya Android, munthu amalemba ndi kuyesa malangizo ake ngakhale netiweki itasowa. Maphunziro ake a m'Chipwitikizi alipo aulere pa YouTube, monga a Curso em Vídeo a mphunzitsi wa ku Brasil, Gustavo Guanabara. Amene apita pa boma pomwe netiweki ili yamphamvu angathe kukopera maphunziro angapo n'kukawaonera kunyumba.

Cholakwa cha oyamba ambiri ndi kudumphadumpha: sabata ino Python, sabata yamawa Java, mwezi wamawa china, chifukwa mnzawo wati chimenecho ndiye chili ndi ndalama. Zinenero zimasiyana mawu, koma kusunga, kusankha ndi kubwereza zili m'zonse. Wogwira chimodzi bwino savutika ndi chachiwiri. Cholakwa china ndi kungoonera mavidiyo osalemba kanthu. Luso limalowa pamene munthu walemba, pulogalamu yakana, iye wafufuza mzere wolakwika n'kuukonza. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: ola limodzi tsiku lililonse limapindula kuposa kuchezera usiku umodzi pamwezi.

Pomwe kompyuta imafunika

Foni ili ndi malire ake. Kulemba mizere mazanamazana ndi chala chimodzi n'kotopetsa, ndipo zida zazikulu zopangira mapulogalamu zimayenda pa kompyuta. Apa m'pamene wophunzira amasankha njira.

Wofuna mafoni a Android, amene ndiwo ali m'manja mwa anthu ambiri kuno, amaphunzira Kotlin. Kampani ya Google inavomereza chinenero chimenechi mu 2017, ndipo mu 2019 inachiika patsogolo pa Java. Chida chake ndi Android Studio, chaulere koma cholemera: chimafuna kompyuta ya RAM yosachepera 8 GB. Wofuna iPhone amaphunzira Swift, ya mu 2014, koma imafuna kompyuta ya Apple ndiponso kulipira madola 99 chaka chilichonse kuti pulogalamu igawidwe kwa anthu. Kwa mwana wa ku Domue kapena ku Furancungo njira imeneyi ilibe phindu pachiyambi. Palinso Flutter, imene Google inatulutsa mu 2018, yolola kulemba kamodzi pulogalamu yoyenda pa foni ndi pa kompyuta.

Mapulogalamu a pa kompyuta asanyozedwe. Sitolo ya zipangizo za ulimi, nyumba yogulitsa mankhwala kapena ofesi ya sukulu zimafuna kaundula wa katundu, wa ngongole kapena wa ana, amene ayenera kugwira ntchito ngakhale intaneti itadula sabata yathunthu. Wodziwa Python angathe kupanga zotere ndi Tkinter, chida chomwe chimabwera pamodzi ndi chinenerocho, ndipo sichifuna kompyuta yamphamvu.

Wogula kompyuta yakale ayenera kuiyatsa asanalipire, kuona RAM yake ndi maso ake, kuyesa mabatani onse, ndi kuichotsa pa magetsi kuti adziwe ngati batire ikusunga moto.

Zopinga za kumudzi

Chopinga chachikulu ndi magetsi. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino cha Tete ndipo lingathe kutulutsa ma megawati 2,075, koma gawo lalikulu limagulitsidwa ku South Africa, pamene midzi yambiri ya m'malire ikudalirabe timasola ndi matochi. Mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, yolonjeza magetsi kwa onse pofika 2030. Kasola kakang'ono kamadzaza foni, koma kompyuta imafuna sola yokulirapo ndi batire yake, ndipo banja liyenera kuwerengeratu mtengo umenewu.

Chachiwiri ndi Chingerezi. Mawu okhazikika a Python ndi 35 okha, monga if, else ndi while, ndipo amalowezeka msanga. Koma pulogalamu ikakana, uthenga wofotokoza cholakwacho umabwera m'Chingerezi, chimodzimodzinso malangizo ambiri a zida. Apa mwana wa m'malire ali ndi mwayi umene mnzake wa m'kati mwa dziko alibe, pakuti amamva Chingerezi pa wailesi za ku Malawi ndi ku Zambia, ndipo ena anaphunzirako tsidya linalo.

Chachitatu ndi nthawi, makamaka kwa atsikana. Mnyamata akaweruka kumunda amapeza mpata wogwira foni, pamene mlongo wake ali kumjigo kapena pamoto. Ntchitoyi sifuna mphamvu za thupi, ndipo banja lomana mtsikana ola lake lingakhale likutsekereza mwana amene ali ndi mutu wa masamu.

Ndalama zake zili kuti?

Ena amauza achinyamata kuti akangoika pulogalamu pa Play Store, madola ayamba kulowa. Kutsegula akaunti kumeneko kumafuna madola 25, olipira kamodzi ndi khadi la ku banki. Ndiponso munthu wolembetsa kumene payekha ayenera kupeza anthu 12 oyesa pulogalamu yake kwa masiku 14 isanaloledwe kutuluka. Ikatuluka imakapikisana ndi mapulogalamu oposa miliyoni, ambiri aulere.

Ndalama zoyamba zimapezeka pafupi: kwa mwini sitolo wotopa ndi kope la ngongole, ku bungwe la alimi lofuna kudziwa amene wabweza feteleza, ku gulu la amayi losunga ndi kubwereketsa ndalama. Anthu otere amalipira pang'ono, koma amapereka ntchito yooneka imene mwana angakaonetse kwina. Ntchito zolembedwa pamwezi zili makamaka ku Maputo, Beira ndi mumzinda wa Tete, ndipo zambiri zimafuna satifiketi. Choncho kuphunzira pawekha sikulowa m'malo mwa kutsiriza kalasi ya 12, imene ili khomo lolowera ku Instituto Superior Politécnico de Tete kapena ku Universidade Eduardo Mondlane.

Funso lina labwera ndi zida monga ChatGPT, imene inatuluka mu Novembala 2022 ndipo imalemba malangizo a pulogalamu munthu akangoiuza zimene akufuna. Zida zimenezi zachepetsadi ntchito zing'onozing'ono zimene oyamba ankapezerapo ndalama. Zimathandizanso, pakuti zimafotokoza m'Chipwitikizi uthenga wa cholakwa umene wabwera m'Chingerezi. Koma zimalakwitsa, ndipo wongokopera osamvetsa sangadziwe pamene pulogalamu ikuwerengera molakwa ndalama za gulu. Amene adzayankhe mlandu pamaso pa eni ndalama ndi iyeyo.

Makolo ayese asanagulitse

Maphunziro ambiri olipira amene amalengezedwa m'matauni ndi a informática na óptica do utilizador. Amaphunzitsa kutaipa, Word ndi Excel, zimene n'zothandiza, koma si kulemba mapulogalamu. Kholo lifunse dzina la chinenero chimene chidzaphunzitsidwe, kuchuluka kwa ophunzira pa kompyuta imodzi, ndiponso lipemphe kuona pulogalamu imene wophunzira wakale anapanga. Wolonjeza kuti mwana akhala katswiri m'masabata awiri akufuna ndalama chabe.

Muyeso wabwino ndi wa miyezi itatu. Mwana aphunzire pa foni imene ilipo kale, kenako aonetse banja pulogalamu yaing'ono yogwira ntchito, monga ya matumba a mbatata ija. Bambo kapena mayi amuuze kuti asinthe chinthu chimodzi pomwepo, mwachitsanzo kuchotsapo mtengo wa ngolo yonyamula katundu. Akatha kusintha n'kufotokoza zimene wachita, nkhani ya kompyuta ingayambe kukambidwa, ndipo mabanja angapo angathe kusonkherana imodzi kuti ana azisinthana.

Akuluakulu a maphunziro m'maboma nawonso ali ndi gawo lawo. Phunziro la TIC lili pa ndondomeko ya sukulu za sekondale, ndipo m'maboma ena muli ma Centro Multimédia Comunitário, amene amakhala pamodzi ndi wailesi ya m'dera. Pomwe makompyuta ndi magetsi zilipo, kutsegula chipindacho masana kapena Loweruka kwa achinyamata amene anatsiriza sukulu kungapulumutse mabanja ambiri ku ngongole. Ndi nkhani imene mafumu ndi makomiti a makolo angaifunse pa msonkhano wotsatira wa sukulu.