Kalata kwa Mkulu wa Zaumoyo m'Boma la Dedza: Mkodzo Uyambe Wayezedwa

Olemekezeka bwana,

Mayi wa ku Lobi akayamba kumva kuwotcha potaya madzi, njira yapafupi kwa iye ndi ya kumsika, komwe angagule mapiritsi anayi a bakitirimu n'kuwasiya ululu ukangozizira. Pempho langa ndi limodzi: pachipatala cha Lobi pasamasowe timapepala toyezera mkodzo ndi mapiritsi a nitrofurantoin, kuti ulendo wa kuchipatala uzikhala ndi phindu kuposa wa kumsika.

Matenda ambiri a m'chikhodzodzo amayamba ndi kachilombo ka E. coli kochokera m'matumbo, ndipo amatha ndi mankhwala akumwa m'masiku ochepa, malinga mankhwalawo akhale oyenera. Vuto lagona pomwepa. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anapeza kuti pa E. coli wopezeka m'magazi a odwala, wosamva ciprofloxacin anachoka pa 2.5 n'kufika pa 31 pa 100 aliwonse. Bakitirimu ndiye anafooka kalekale. Nitrofurantoin akugwirabe ntchito pa tizilombo tambiri, ndipo amasonkhana mumkodzo momwemo, mosasokoneza kwambiri thupi lonse.

Ena anganene kuti ziwerengerozi n'za mumzinda. Koma anthu a ku Lobi sakhala pamodzimodzi: amapita kukagulitsa mbatata ndi kabichi m'matauni, amakagonekedwa m'zipatala zazikulu, ndipo tizilombo timabwera nawo. Ena anganenenso kuti kapepala sikatchula mankhwala amene aphe kachilombo. N'zoona. Komabe kamathandiza dokotala kuganiza bwino, pakuti chinzonono ndi likodzo nazonso zimavutitsa potaya madzi, chonsecho chilichonse chili ndi mankhwala ake. Amene sakuchira atamaliza mapiritsi, mkodzo wake utumizidwe ku labotale, osati kungomusinthira mankhwala mongoganizira.

Za ndalama ndikuzimvetsa, bwana, ndipo ndikudziwa kuti zofunika kugula n'zambiri. Koma taganizirani mayi woyembekezera. Iye akhoza kukhala ndi tizilomboti osamva kupweteka kulikonse, ndipo tikakwera kufika ku impso timabweretsa kutentha thupi, kuphwanya msana, ngakhale kubereka mwana wosakwana masiku. Zikafika apo nitrofurantoin sathandizanso. Pamafunika jakisoni, bedi, ndi mafuta a ambulansi yochoka ku Lobi kupita ku Dedza. Mtengo wa ulendo umodzi woterewu ukhoza kugula timapepala toyezera amayi ambiri a kusikelo.

Ine wanu,
Nzika ya ku Lobi