Musapusitse Wanzeru Kuti Nkhani Iyende

Pali mlandu umene ndifuna kuutula pamaso panu, inu owerenga, ndipo oimbidwa mlanduwo ndiwo alembi a nkhani za masewera a pa kanema. Alembi amenewa amatenga munthu amene iwo eni anatiuza kuti ndi wanzeru, wochenjera ndi wolimba mtima, ndipo pofika pamene nkhani yawakanika, amamlanda nzeru zake zonse namchititsa chinthu chimene ngakhale mwana wa Sitandade 1 sangachite. Amatero kuti nkhani ipite kumene iwo afuna. Ine nditi khalidwe limeneli ndi ulesi, ndiponso ndi chipongwe kwa munthu wosewera.

Masewera ake ndi otani?

Poyamba ndifotokoze za masewerawo, pakuti ena mwa inu mwangoona ana akuwasewera pa foni kapena pa wailesi ya kanema. Achinyamata amawatcha magemu. Wosewera amagwira kachipangizo ka mabatani m'manja mwake, ndipo akadina batani, munthu wa pa kanemayo amayenda, kulumpha kapena kuwombera mfuti monga wodinayo wafunira. Masewera akuluakulu ali ndi nkhani yaitali ngati ya m'buku, ndipo munthu amatha maola 20 kapena 30 kuti aifikitse kumapeto. Nthawi ndi nthawi mabatani aja amaleka kugwira ntchito, ndipo wosewera amangopenya kachigawo ka kanema kamene alembi anakonzeratu. M'tizigawo timeneti ndimo muchitika zopusa zambiri zimene ndikunenazi.

Chimphona chimene chinakana kuthandiza

Tiyambe ndi masewera otchedwa Fallout 3, amene kampani ya Bethesda ya ku America inatulutsa m'chaka cha 2008. Nkhani yake ichitikira m'mabwinja a mzinda wa Washington, patapita zaka 200 chichitikire nkhondo ya mabomba a atomu. Madzi onse ndi oipa, ndipo bambo wa wosewera anataya moyo wake poteteza makina oyeretsera madziwo. Kumapeto kwa nkhani pafunika munthu woti alowe m'chipinda cha makinawo kukawayatsa, koma chipindacho chadzala ndi ululu wosaoneka ndi maso, wa mtundu umene mabomba a atomu amasiya, kotero kuti wolowamo adzafa ndithu.

Tsono wosewera atha kukhala ndi bwenzi dzina lake Fawkes, munthu amene thupi lake linasandulika nakhala chimphona, ndipo ululu umenewu sumpweteka konse. Izi tizidziwa bwino chifukwa pakati pa nkhani Fawkes yemweyo analowa m'chipinda china cha ululu womwewo natenga chipangizo chimene wosewera ankachifuna, natuluka ali bwinobwino. Munthu aliyense woganiza akafika pa khomo lotsirizalo amatembenuka nampempha Fawkes kuti alowe. Koma Fawkes amakana, nanena kuti ntchitoyo inaikidwira wosewera ndipo iye sangamlande mwayi wakewo. Taganizani: bwenzi lanzeru ndi lachifundo, limene wosewera analimasula m'ndende, liimirira pakhomo ndi kuonerera mpulumutsi wake akufa imfa yopewedwa, chifukwa chakuti alembi anafuna kuti nkhani ithe ndi maliro.

Osewera anadandaula kwambiri, ndipo m'chaka cha 2009 eni masewerawo anatulutsa chigawo choonjezera chotchedwa Broken Steel. M'menemo anakonza malo amenewa, kotero kuti Fawkes akapemphedwa amalowa. Kukonza kumeneku kutionetsa kuti nkhani ikadatha kuyenda bwino kuyambira pachiyambi popanda kumpusitsa Fawkes.

Msilikali wopsa chovala ali nacho

Chitsanzo chachiwiri chichokera ku Japan. Kuyambira m'chaka cha 1986 kampani ya Nintendo yakhala ikutulutsa masewera a Metroid, onena za mkazi wolimba mtima dzina lake Samus Aran, amene amayenda yekha m'maiko a m'mlengalenga kumenyana ndi zilombo atavala chovala chachitsulo. Mwambo wa masewera amenewa ndi wakuti wosewera amayamba ali wofooka, ndipo amatola zida pang'onopang'ono. Choncho pa masewera atsopano alionse alembi ayenera kupeza chifukwa chimene Samus alibe zida zake zakale.

Mu Metroid: Other M, ya m'chaka cha 2010, chifukwa chimene anapeza ndi ichi: Samus ali nazo zida zake zonse, koma walonjeza kuti sadzazigwiritsa ntchito kufikira mkulu wake wakale wa asilikali, Adam Malkovich, atamloleza. Kunena za mabomba, lonjezo limeneli limveka, pakuti bomba litha kupha anzake amene ali nawo m'chombo. Koma pakati pa ulendo Samus amalowa m'dera la chiphalaphala chamoto, kutentha ndi kumamdya mphamvu pang'onopang'ono, chikhalirecho ali nacho chovala choteteza ku kutentha, chimene sichingapweteke munthu wina aliyense. Iye sachiyatsa, ndipo sapempha n'komwe, kufikira Adam atakumbuka kumloleza. Kodi mlenje amene wakhala m'tchire moyo wake wonse angaponde minga nsapato atanyamula m'manja, podikira kuti mfumu imuuze kuzivala? M'masewera omwewo Samus amauma thupi ndi mantha poona chilombo chotchedwa Ridley. N'zoona kuti Ridley ndiye anapha makolo ake iye ali mwana, koma Samus anali atachigonjetsa kale chilombo chimenechi m'masewera a 1986 ndi a 1994 popanda kunjenjemera. Alembi anafuna kutionetsa mtima wake wofewa, ndipo pochita zimenezo anafafaniza munthu amene osewera anamdziwa zaka 24.

Imfa ya Joel

Mlandu umene unautsa mkangano waukulu koposa ndi wa The Last of Us, masewera a kampani ya Naughty Dog. M'gawo loyamba, la 2013, tikumana ndi Joel, bambo amene wapulumuka zaka 20 m'dziko loonongeka ndi matenda ochokera ku mtundu wina wa bowa. Iye wapulumuka chifukwa sakhulupirira mlendo. Ali pa galimoto mu mzinda wa Pittsburgh, munthu wina anatulukira pamsewu akudzionetsa ngati wovulala napempha thandizo. Joel anazindikira nthawi yomweyo kuti ndi msampha wa achifwamba, ndipo sanaime. Kumapeto kwa gawolo iye anapha anthu ambiri m'chipatala cha ku Salt Lake City, pamodzi ndi dokotala, pofuna kupulumutsa mtsikana Ellie. Munthu wotere adziwa kuti ali ndi adani amene akumfunafuna.

M'gawo lachiwiri, la 2020, Joel ndi mng'ono wake Tommy apulumutsa mtsikana wachilendo, Abby, pakati pa chimphepo cha chipale chofewa, namtsata ku nyumba kumene kuli anzake okhala ndi mfuti. Kumeneko atchula maina awo enieni, Joel naimirira pakati pa chipinda alendo atamzungulira. Abby ndiye mwana wa dokotala uja, ndipo amupha Joel ndi ndodo yosewerera gofu.

Ndimveketse bwino: ine sinditsutsa kuti Joel afe. Iye anakhetsa mwazi, ndipo nkhani yonena za kubwezera ili ndi ufulu wonse womupha. Chimene nditsutsa ndi njira imene anamfikitsira ku imfayo. Oikira kumbuyo alembi amati Joel anakhala zaka zingapo pamtendere m'mudzi wa Jackson, kumene anthu amalandira alendo, ndipo mtima wake unafewa. Mawu amenewa ali ndi nzeru, pakuti munthu amasintha. Koma ngati ndi tero, alembi anayenera kutionetsa kufewako imfa isanafike, kuti poona Joel akulowa m'nyumba muja tigwire pakamwa ndi kunena kuti ukalamba ndi mtendere zamgoneka tulo. Iwo anamupha kuchiyambi kwa masewera, ndipo zambiri zoonetsa Joel wofatsayo anazibweretsa pambuyo pake monga zikumbutso. Chifukwa chofika maliro atachitika kale sichikhutiritsa munthu.

Mayankho kwa otsutsana nane

Ena adzati, kodi anthu enieni salakwa? Kodi anzeru sachita zopusa? Amachita ndithu, ndipo nkhani yopanda wolakwa ndi ndiwo zopanda mchere. Koma kumbukirani nthano zimene agogo athu ankatisimbira madzulo. Fisi akapusitsidwa, amapusitsidwa chifukwa cha dyera lake, limene tilidziwa kuyambira pachiyambi. Kalulu akagwidwa pa chitsime chimene anakana kukumba nawo, amagwidwa chifukwa cha kudzitama kwake, popeza anazolowera kunyenga nyama zazikulu napeputsa Kamba. Kugwa kwa aliyense kumera pa khalidwe lake lomwe. Wosimba nthano atati tsiku lina Kalulu anangolowa yekha m'kamwa mwa Mkango popanda chifukwa, ana omwe angamletse kuti agogo mwalakwitsa.

Alembi a masewera atha kuchita bwino lomwe akafuna. Mu Red Dead Redemption 2, ya 2018, muli mtsogoleri wa gulu la achifwamba a ku America a m'chaka cha 1899, dzina lake Dutch van der Linde. Munthu ameneyu achita zopusa zambiri: akhulupirira mawu a mkulu wa zigawenga za mu mzinda wa Saint Denis nagwa mu msampha, kenaka aumirira kukaba ku banki ya mu mzinda womwewo, kumene bwenzi lake lakale Hosea aphedwa, ndipo potsiriza amvera kazitape Micah nataya Arthur amene anamlera yekha. Koma wosewera sadandaula kuti alembi amnamiza, chifukwa kwa maola ambiri waona kunyada kwa Dutch ndi kukonda kwake kutamandidwa zikukula ngati chiswe m'nsanamira. Nyumba ikagwa timva chisoni, koma sitidabwa.

Langizo limeneli si lachilendo. Zaka zoposa 2,300 zapitazo Aristotle, mphunzitsi wa ku Greece, polemba za masewero a pabwalo analangiza kuti munthu wa m'nkhani akhale ndi khalidwe losasinthasintha, ndi kuti mathero a nkhani atuluke m'nkhani momwemo. Ife aphunzitsi timaphunzitsa zomwezo kwa ana polemba chimangirizo.

Ena adzati, awa ndi masewera chabe, mudzivutitsiranji? Ndiyankha kuti cholakwachi chimapweteka koposa m'masewera kusiyana ndi m'buku. Wowerenga buku ndi mlendo woonerera, koma wosewera ndiye mwini ulendo. Kwa maola ambiri iye wakhala akusamala, kubisala, kusunga zipolopolo ndi kuyang'ana kuseri kwa khomo lililonse, pakuti masewerawo amlanga ndi imfa akangochita mphwayi. Kenaka mabatani aleka kugwira ntchito, ndipo munthu wake yemweyo achita mphwayi imene wosewera sakadaichita. Mu Mass Effect 3, ya 2012, muli malo pamene Shepard, kazembe wa nkhondo amene wosewera amamyendetsa, aimirira ndi anzake awiri mfuti zili m'manja, pamene bwenzi lawo Thane, munthu wodwala matenda osachiritsika, alimbana yekha ndi chigawenga Kai Leng kufikira abayidwa. Wosewera akadapatsidwa mabatani akadathandiza. Lamulo limene alembi amlamula nalo wosewera, iwo eni alithyola pamene lawalemera.

Komanso masewera amenewa ndi malonda aakulu. Gawo lachiwiri la The Last of Us linagulidwa makope oposa 4 miliyoni m'masiku atatu oyamba, pa mtengo wa madola pafupifupi 60 ku America. Anthu mazanamazana amagwira ntchito zaka zingapo kujambula udzu, madzi ndi nkhope kuti zioneke ngati zenizeni. Ngati pali ndalama ndi nthawi yojambulira tsamba lililonse la mtengo, iliponso nthawi yoti mlembi akhale pansi ndi kufunsa ngati munthu wakeyo angachitedi chimene wamlembera. Popanda zimenezo masewera akhala chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene tiyenera kuchita

Gwero la vutoli lioneka poyera m'zitsanzo zathu. Mlembi wayamba waika mathero, kapena okonza masewera ayamba aika lamulo la kaseweredwe, ndipo munthu wa m'nkhani akokedwa ndi chingwe kuti akafike pamenepo. Mankhwala ake ndi ntchito: ngati wanzeru ayenera kugwa, mdani wake akhale wanzeru koposa, kapena msampha ukhale wobisika kotero kuti ngakhale wosewera sakadauona, kapena chofooka cha munthuyo chionetsedwe msanga kuti chikule pamaso pathu.

Kwa inu makolo amene mwaphunzira kuwerenga tsopano, pempho langa ndi ili. Ana anu amatha maola ambiri ndi nkhani zimenezi, ndipo m'menemo aphunzira mmene chinthu chimodzi chimabalira chinzake. Mukawapeza akusewera, afunseni kuti munthu uyu wachitiranji chimenechi, ndipo kodi chigwirizana ndi khalidwe lake? Funso lomwelo mulifunse pa buku lililonse limene mudzawerenga, ngakhale kabuku kano. Mwana wozolowera kufunsa chotero savomera nkhani iliyonse chifukwa chakuti yakongoletsedwa.

Potsiriza, kudzudzula kukhale kwaulemu. M'chaka cha 2020 anthu ena okwiya ndi imfa ya Joel anatumiza mawu oopseza kupha mayi amene analankhula mawu a Abby m'masewerawo, munthu amene anangogwira ntchito imene anapatsidwa. Kumeneko ndi kupusa koposa kumene tikudandaulaku, ndipo kuchititsa manyazi onse odzudzula mwachilungamo. Osewera a Fallout 3 anatchula cholakwa ndi zifukwa zake, ndipo chinakonzedwa chaka chotsatira. Alembi nawonso asapse mtima akauzidwa zoona, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.