Chithunzi cha malemu sachidula ndi labala

Abale anzanga, lero ndikufuna ndidandaule za zithunzi zomwe zikuikidwa pa mapepala a mwambo wa maliro ndi m'mafelemu a pabalaza kuno kwa Malemia ndi madera ena a Nsanje. Nanunso mwaziona. Gogo amudula pa chithunzi cha gulu n'kumumata pa mitambo, koma tsitsi lasalala ngati wavala chisoti, khutu lina ladyeka, ndipo m'mbali mwa duku mwatsala kamzere koyera ka khoma lomwe anaima pafupi nalo. Anyamata ambiri ogwira ntchitoyi akudula anthu ndi chida chofufutira, chija timati labala, kapena ndi timapulogalamu ta pafoni. Ine ndikuti ntchito imeneyi iyenera kugwiridwa ndi mask ndi channel basi.

Nkhaniyi si yaing'ono kwa ife a m'chigwa cha Shire. Madzi osefukira a Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 sanangokokolola chimanga ndi ziweto ayi, anapitanso ndi zithunzi za mabanja. Pali mabanja omwe atsala ndi chithunzi chimodzi chokha cha mayi awo, mwina chojambulidwa paukwati ataima pakati pa anthu khumi. Chithunzi chotere chikapita kokadula, wodulayo ayenera kudziwa kuti wagwira chinthu chopanda chinzake.

Vuto la labala n'lakuti chomwe wafufuta chapita. Ukasunga ntchitoyo n'kutseka kompyuta, khutu lija silibwereranso. Paja madzi akatayika saoleka. Mask ndi yosiyana. Ili ngati nsalu yomwe wayala pamwamba pa chithunzi: pomwe wapaka zakuda pamabisika, pomwe wapaka zoyera pamaoneka, ndipo pomwe pali potuwa pamaoneka mwapatalipatali. Chithunzi chenichenicho chimakhala pansi chili chamtunthu. Mwini wake akabwera mawa n'kunena kuti mwabisa dzanja la mdzukulu lomwe linali paphewa, umangopaka zoyera, dzanja labwerera.

Nanga tsitsi ndi imvi zomwe sungathe kuzitsata ndi mausi? Apa ndi pomwe channel imathandiza. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi mitundu 3 ya kuwala: kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu. Mtundu uliwonse uli ndi channel yake, yomwe imaoneka ngati chithunzi chakuda ndi choyera, ndipo kadontho kalikonse kali ndi nambala yoyambira 0 kulekeza 255. Muyang'ane channel iliyonse payokha, musankhe yomwe munthu akusiyana kwambiri ndi zakumbuyo kwake. Ngati anajambulitsa kumbuyo kuli thambo kapena khoma la laimu, nthawi zambiri yabuluu ndiyo imathandiza, chifukwa khungu lathu limada bii mu channel imeneyi pomwe thambo limayera mbuu. Ngati kumbuyo kuli masamba a nthochi, muyese yofiira, momwe khungu limawala kuposa masamba.

Mukaipeza, muikopere, musakhudze yoyambayo. Ndi chida cha Levels mukokere zakuda kuti zide kwambiri, zoyera ziyere kwambiri, koma osapyola muyeso, chifukwa kutuwa kwa m'mbali mwa tsitsi ndiko kumachititsa kuti munthu aoneke wachilengedwe. M'kati mwa nkhope ndi m'malaya mupake zakuda ndi burashi. Kenako mutembenuze ndi Invert kuti munthu akhale woyera, zakumbuyo zakuda, n'kusandutsa channel ija kukhala mask. Pomwe tsitsi lakuda lagundana ndi mthunzi wakuda palibe channel yomwe ingakupulumutseni. Pamenepo m'pofunika burashi yofewa ndi kuleza mtima.

Izi si zatsopano. Photoshop, yomwe anaipanga pachibale Thomas ndi John Knoll, inatuluka mu 1990, ndipo ma layer anabwera mu 1994. Amene alibe ndalama yolipirira Photoshop asadandaule. GIMP, yomwe anaiyambitsa Spencer Kimball ndi Peter Mattis ku Berkeley mu 1995, ndi yaulere, ili ndi mask ndi channel zomwe, ndipo ukaiika m'kompyuta sifuna intaneti.

Ndikudziwa zomwe anyamata a m'masitudiyo ayankhe. Ati magetsi savuta kuthima, maliro sadikira, kasitomala amalipira zochepa, ndipo pulogalamu ya pafoni imachotsa zakumbuyo m'kuphethira kwa diso. Zoona. Pa chithunzi cha kalata yofunsira ntchito, chomwe mwini wake angajambulitsenso mawa, sindikutsutsa. Koma womwalira sajambulitsanso. Ndiponso mapulogalamu achanguwa amachita kulota pomwe tsitsi lathera, ndipo chithunzi chikakhala chakale, chozilala ndi madzi, amalota molakwika. Ngakhale muyambe ndi chida chachangu, zotsatira zake muziike pa mask kuti muthe kukonza ndi manja. Kuthamanga sikufika.

Aphunzitsi anzanga, ifenso tili ndi gawo. Sukulu yomwe ili ndi makompyuta ngakhale awiri itha kuphunzitsa zimenezi masana ku kalabu. Mwana yemwe waona channel ndi maso ake savutikanso kumvetsa za mitundu ya kuwala mu Physics, kapena chifukwa chomwe ma bit 8 amaperekera manambala 256. Pamwamba pa apo watenga luso lomwe angadyere akamaliza Fomu 4, kaya mayeso a MANEB ayenda bwino kaya ayi.

Kwa inu eni zithunzi, pempho langa ndi ili. Chithunzi chapepala musachisiye kusitudiyo. Achisikane inu muli pomwepo, mubwerere nacho. Mufunse kuti akupatseni chithunzi chosadulacho pafulashi kapena pafoni, komanso fayilo ya PSD kapena XCF, chifukwa JPEG sisunga mask. Potumiza pa WhatsApp mutumize ngati document kuti chisachepetsedwe. Ndipo wodulayo mumufunse poyera kuti: achimwene, mukudula ndi labala kapena ndi mask? Akayamba kukanda m'mutu, pitani kwina.