Osaseka sikipa ya mnzako

Anzanga, Lachisanu kumasewera ena munamuseka mnzathu chifukwa chithunzi cha pa sikipa yake ya pakaunjika chachita ming'alu. Ine ndikuti munalakwa.

Zithunzi zomata pa sikipa zinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1970. Ankazisindikiza papepala lapadera, kenako n'kulikanikiza pansalu ndi simbi yotentha, utoto n'kumatirira. Ukachapa kambirimbiri, utotowo umang'aluka. Lero kunjako anthu amasakasaka masikipa akale oterewa n'kumagula modula, ife tikuchita nawo manyazi eti!

Makolo athu amagulitsa mtedza kuti tivale. Ukaseka sikipa ya mnzako, waseka thukuta la mayi ake. Bola ikhale yochapa, basi. Komatu posita muziitembenuza, chithunzi chingakakamire kusimbi.